Anamwino Ophunzira ndi Nchito Yosamala Anthu a Kachirombo ka HIV

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, Blantyre

 Masiku onse mumandimva ndirikunena za mbeu ndi za manyowa, koma lero ndapempha akulu a wailesi kuti andilole kunena nkhani ina, ndiyo ya anyamata ndi atsikana aja mumawaona m'zipatala zathu, atabvala yunifomu ya sukulu, alikutsata pambuyo pa namwino wamkulu ndi kabuku m'manja. Amenewa ndiwo anamwino ophunzira.

Chimene chandichititsa kutero ndi ichi. Mwezi wathawu ndinaperekeza mlamu wanga ku chipatala china chaching'ono cha mu mzinda muno kukalandira mankhwala ake a ma ARV. Tiri pa benchi, ndinamva mai wina alikukana kulowa m'chipinda. Anati, "Ine za ana a sukulu ai. Akaphunzirire pa ena. Ndidikira sisitala weniweni." Ena anaseka, ena anabvomereza. Mtsikana wophunzirayo anangozyolika, natuluka kukaima pakhonde. Ine ndinabwerera kunyumba ndi mafunso. Kodi ana amenewa amaphunzitsidwa chiani? Amawayang'anira ndani? Kodi mai uja analakwa, kapena mantha ake anali ndi pogwira? Ndakhala ndirikufunsa kwa anamwino ndi kwa aphunzitsi ao, ndipo zimene ndapeza ndizo ndikupatsani lero.

Kumene tachokera

Poyamba tikumbukire chifukwa chake nchito yaikulu yotere inaikidwa m'manja mwa anamwino, pakuti m'maiko a ku Ulaya mankhwala awa amalembedwa makamaka ndi madotolo a ukatswiri.

Munthu woyamba kudziwika kuti ali ndi matenda a Edzi muno m'Malawi anapezeka m'chaka cha 1985. Chaka chomwecho, mwa amai oyembekezera amene anapimidwa magazi pa sikelo ya ku Queen Elizabeth Central Hospital, chipatala chija ambiri timangoti ku Gulupu, awiri okha mwa 100 ali onse ndiwo anali ndi kachirombo. Pofika chaka cha 1996 anali atakwana mmodzi mwa atatu ali onse. Cha m'ma 2000 madotolo anawerenga akulu ogonekedwa m'mawodi a matenda osafuna opareshoni pa chipatala chomwecho, napeza kuti 70 mwa 100 ali nako. Ine masiku amenewo ndinali mwana, koma ndikumbukira akalipentala alikukhoma mabokosi a maliro m'mbali mwa miseu monga akhomera mipando, ndi akulu alikunong'onezana kuti uje wapita ndi "matenda a boma" kapena "kaliwondewonde," pakuti dzina lenileni panalibe wofuna kulitchula.

Namwino wa nthawi imeneyo analibe chopatsa wodwala chimene chikanagwira kachiromboko. Nchito yake inali kumsambitsa, kumtembenuza kuti asachite zironda, kuchepetsa ululu ndi kutonthoza abale. Anamwino ambiri anafa ndi nthenda yomweyo. Ena anatopa, nakwera ndege kunka ku Britain kumene malipiro anali abwino. Tsono pamene Boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere m'mwezi wa June 2004, ndi ndalama zochokera ku thumba la Global Fund, dziko linapeza mankhwala koma manja operekera anali ochepa. Kuchiyambi kwa chaka chimenecho zipatala 9 zokha ndizo zinali kupereka mankhwalawa, kwa anthu zikwi zowerengeka, ndipo ena mwa iwo anali kuchita kugula.

Akulu a Unduna wa za Umoyo anaganiza mwanzeru. Anati nchitoyi ikhale yapafupi monga iri ya chifuwa chachikulu: mankhwala a mtundu umodzi kwa onse oyamba, khadi limodzi lolembapo, malamulo amodzimodzi kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa. A bungwe la Médecins Sans Frontières anali atasonyeza kale ku Chiradzulu, kuyambira 2001, kuti mankhwalawa atheka kuperekedwa ngakhale kumudzi. Ogwira nchito m'zipatala anali kuitanidwa ku maphunziro a masiku asanu, kulemba mayeso, ndi kukakhala milungu iwiri pa chipatala chozolowera kale nchitoyo. Pamodzi ndi izi malipiro a ogwira nchito za umoyo anaonjezedwa ndi 52 pa 100, ndipo masukulu anauzidwa kuti azitenga ophunzira ambiri. Poyamba oyambitsa wodwala mankhwala anali madotolo ndi ma clinical officer, namwino nangoona obwera kudzaonjezera. Koma mizere itatalika, anamwino nawonso analoledwa kuyambitsa.

Kusintha kwakukulu kunadza m'mwezi wa July 2011. Kufikira pamenepo mai woyembekezera wopezeka ndi kachirombo anayenera kuyamba wapimidwa chitetezo cha m'thupi, chimene amati CD4, koma makina opimira anali m'zipatala zowerengeka, ndipo amai ambiri anali kuchira yankho lisanabwere. Malawi ndilo dziko loyamba kunena kuti mai ali yense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala pomwepo, nazimwa moyo wake wonse. Njira imeneyi anaitcha Option B+, ndipo bungwe la World Health Organization linaibvomereza pambuyo pake kuti maiko ena atsate. Nanga amene amaona amai pa sikelo ndani? Ndi namwino mzamba. Kuyambira 2016 lamulo lomwelo linafikira munthu ali yense, mwamuna, mkazi kapena mwana: wopezeka nako ayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Pofika 2023 omwa ma ARV m'Malawi anali atapitirira 900,000. Madotolo athu sakanatha kuona khamu lotere.

Muno m'Blantyre katunduyu alemera koposa. Kafukufuku wa 2020 ndi 2021 anapeza kuti m'dziko lonse akulu pafupifupi 9 mwa 100 ali ndi kachirombo, koma mu mzinda wa Blantyre ndi 14 mwa 100. Ndiponso Blantyre alibe chipatala chachikulu cha boma lake lokha monga chiri ku Thyolo kapena ku Chiradzulu. Pali Gulupu, amene amalandira odwala a chigawo chonse, ndi zipatala zazing'ono za m'malokeshoni: Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Limbe, ndi South Lunzu cha ku Machinjiri. Pa zipatala zazing'onozi ndi pamene ambiri a inu mumalandira mankhwala, ndipo ndi pomwepo ophunzira amatumizidwa.

Masukulu ao

Sukulu ya Boma yophunzitsa anamwino a pamwamba inatsegulidwa muno m'Blantyre mu 1965, ndipo mu 1979 inasanduka Kamuzu College of Nursing, nthambi ya University of Malawi. Mu 2021 inaphatikizidwa ndi College of Medicine kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko namwino aphunzira zaka zinai natuluka ndi digiri. Ena aphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences, kapena ku masukulu a mishoni monga St Joseph ku Nguludi, Malamulo ku Thyolo, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona. Onsewa, ngakhale apambane mayeso a ku sukulu kwao, saloledwa kugwira nchito kufikira atapambana mayeso ena a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 1966, ndi kulembedwa m'kaundula wake.

Ku sukulu amayamba ndi mabuku, kenaka zidole za pulasitiki zobayapo jakisoni, kenaka anzao, wina kukhala wodwala wina namwino. Koma chidole sichilira, sichipsa mtima, ndiponso sichinama. Chifukwa chake gawo lalikulu la zaka zimenezi amalithera m'zipatala. M'kabuku kaja mumawaona nako mwalembedwa nchito zimene ayenera kuzigwira ndi manja ao, ndipo namwino wowayang'anira amasaina pokha pokha ataona ndi maso ake kuti nchitoyo yagwirika bwino. Ife alangizi tidziwa kuti mlimi samva za mizere pa bolodi, amamva m'munda wachitsanzo. Munda wa ana awa ndi chipinda chija mai anakana kulowamo.

Kupima ndi kusunga chinsinsi

Kubaya chala ndi kudontheza magazi pa kapepala kopimira ndi nchito imene munthu angaidziwe tsiku limodzi. Zobvuta ndi malamulo ake: kufotokozera munthu asanapimidwe, kumva ngati wabvomera, kuyang'ana wotchi kuti asawerenge yankho nthawi isanakwane, ndi kusauza munthu kuti ali ndi kachirombo chifukwa cha kapepala kamodzi kokha. Koyamba kakasonyeza kuti ali nako, apimanso ndi ka mtundu wina. Aphunziranso kuti munthu amene watenga kachirombo posachedwa angathe kupezeka wopanda, pakuti magazi sanayambe kusonyeza, ndipo wotere ayenera kuuzidwa tsiku lobweranso.

Inu a ku Ndirande ndi ku Chilomoni mungathe kunyada pang'ono apa. Njira yodzipima wekha ndi kachipangizo kopaka m'nkhama inayesedwa pakati panu ndi pa anzanu a ku Likhubula, kuyambira 2012 kufikira 2014, ndi akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo zimene anapeza zinathandiza kuti World Health Organization ibvomereze njirayi mu 2016. Koma ophunzira amauzidwa kuti yankho la kunyumba si lomaliza ai. Wodzipima yekha akafika ku chipatala apimidwanso.

Tsono tifike pa mantha a mai uja. Ine ndiganiza kuti sanali kuopa jakisoni. Anali kuopa pakamwa. M'malokeshoni athu timadziwana. Wophunzira amene muli naye m'chipinda angakhale mwana wa eni nyumba imene mulikuchita lendi, kapena woimba naye kwaya imodzi, kapena wotunga naye pa mpope umodzi. Ndicho chifukwa anthu ena a ku Bangwe amakwera maminibasi awiri kukalandira mankhwala ku Chilomoni, ndi a ku Chilomoni kunka ku Limbe, kutaya ndalama ya ndiwo pothawa maso a anansi. Aphunzitsi adziwa zimenezi, ndipo phunziro la chinsinsi amalibwereza chaka ndi chaka. Wophunzira saloledwa kuuza mwamuna wanu, mkazi wanu, abusa anu kapena bwana wanu popanda inu kulola. Saloledwa kujambula khadi lanu ndi foni, kapena kukamba za inu pa WhatsApp, ngakhale osatchula dzina, ngati omvera angathe kukuzindikirani. Akakomana nanu mumsika sayenera kufunsa pa anthu kuti, "Kodi mankhwala aja mulikumwa?" Lamulo la dziko la za HIV ndi Edzi, limene linayamba kugwira nchito mu 2018, liletsa wogwira nchito za umoyo kuulula za munthu mwachisawawa, ndipo namwino woulula angathe kufafanizidwa m'kaundula. Wophunzira wotero aika pa ngozi zaka zake zonse za sukulu.

Kukana wophunzira ndi ufulu wanu, ndipo palibe amene ayenera kukumanani mankhwala chifukwa chokana. Ngati mwaona kuti ndi mnansi wanu, uzani namwino wamkulu mwakachetechete, adzakupatsani wina. Chimene ine sindinakonde kwa mai uja ndi kukana onse pamodzi, pa gulu, monga ngati sisitala weniweniyo anagwa kumwamba ali wodziwa kale.

Mankhwala, ndi funso lobvuta kufunsa

Amene munayamba mankhwala kale mukumbukira Triomune, womwa m'mawa ndi madzulo. Anapulumutsa anthu ambiri, koma ena anali kumva mapazi kutentha ndi dzanzi, ena masaya kulowa m'kati, kotero kuti anansi anali kuzindikira ndi nkhope. Anadzalowa m'malo mwake mankhwala omwa kamodzi usiku, amene ena anali kuwachititsa chizungulire ndi maloto oipa pa milungu yoyamba. Kuyambira 2019 ambiri anasinthidwa kupita ku mbulu umodzi pa tsiku wokhala ndi mankhwala atatu, tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Wophunzira ayenera kudziwa onsewa, akale ndi atsopano, pakuti m'mzere muli anthu amene amwa mitundu yonse itatu, ndipo thupi limasunga zipsera za akale. Ayenera kudziwa kuti atsopanowa amanenepetsa anthu ena, ndipo azipima sikelo ndi kuthamanga kwa magazi. Kuti sagwirizana bwino ndi mankhwala oonjezera magazi kapena oletsa kutentha pa mtima akamwedwa nthawi imodzi m'mimba mulibe kanthu. Ndi kuti munthu amene alikumwanso mankhwala a chifuwa chachikulu afunika kambulu kena ka dolutegravir koonjezera, pakuti a chifuwawo amafulumiza thupi kutaya mphamvu yake.

Zonsezi ziri m'buku, ndipo mwana wanzeru angathe kuziloweza. Chimene sichilowezeka ndi kafunsidwe ka funso ili: "Kodi mwaphonya masiku angati?" Namwino akafunsa ndi nkhope yokwinya, cholembera chiri m'mwamba, munthu ali yense ayankha kuti, "Sindinaphonyepo." Ena amafika pochotsa mibulu yotsala m'botolo, kuitaya m'ngalande asanalowe pa geti, kuti powerenga ikwane. Wophunzira wabwino amaphunzitsidwa kufunsa monga munthu wodziwa kuti kuiwala kuli ndi tonse: "Mwezi uno ndi masiku ati amene anakubvutani kumwa?" Akatero amamva zoona. Amamva za kondakitala wa minibasi amene amadzuka anthu ali mtulo nabwera pakati pa usiku. Za mlonda wosinthana masana ndi usiku. Za mai wa geni amene amagona m'njira pokapikula tomato. Za mtsikana wa ku sukulu yogonera konko amene aopa kulira kwa botolo m'chikwama. Za mkazi amene sanauze mwamuna wake, nabisa mankhwala m'thumba la ufa. Pa ali yense wa awa mankhwala ndi amodzi, koma uphungu ndi wosiyana, ndipo uphungu wotere suphunziridwa pa chidole.

Chifukwa chake kuphonya kuli koopsa nchotani? Inu amene mumasunga chimanga mudziwa chimene chimachitika mukathira mankhwala ochepa m'thumba pofuna kuti botolo limodzi likwanire matumba ambiri: anankafumbwe ofooka amafa, olimba natsala, naswana, ndipo pakupita kwa nthawi mankhwala omwewo sawagwiranso. Kachirombo ka HIV kamatero m'magazi a munthu womwa modumphadumpha. Kuti adziwe ngati mankhwala alikugwira nchito, a chipatala amapima kuchuluka kwa kachirombo m'magazi, kumene amati viral load, pakatha miyezi 6 chiyambire mankhwala, ndipo pambuyo pake chaka ndi chaka. Wophunzira aphunzira kutenga magaziwo, kuwalemba bwino kuti asasokonezeke ndi a wina, ndi kuwerenga yankho likabwera. Likakhala lokwera, kupitirira 1,000, sathamangira kusintha mankhwala ai. Ayamba akhala pansi ndi wodwalayo kufuna chimene chabvuta, napimanso pakatha miyezi itatu. Ambiri amatsika pomwepo. Amene satsika ngakhale alikumwa bwino ndiwo amaganiziridwa za mankhwala ena. Ndipo pali mau abwino amene wophunzira ali yense ayenera kudziwa kuwanena momveka: munthu amene kachirombo kake katsika kufikira kosaoneka pa makina, nakhala chomwecho, sapatsira mnzake pogonana.

Pali bvuto lina limene ine ndimaliona pa nchito yanga. Mvula ikayandikira, anthu ambiri a m'tauni muno amapita kumudzi kukalima, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Zomba, nakhala komweko kufikira atapalira. Tsiku lao lolandira mankhwala limapita ali kumunda. Ophunzira amauzidwa kufunsa za ulendo munthu asanatuluke m'chipinda, pakuti amene alikumwa bwino angathe kupatsidwa mankhwala a miyezi itatu, ngakhale isanu ndi umodzi. Ndipo amene mankhwala amthera ali kutali asachite manyazi. Apite ku chipatala chiri chonse chopereka ma ARV ndi buku lake la kuchipatala, adzampatsa oyembekezera. Izi zinaoneka kufunika kwake mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, ku Soche ndi ku Ndirande, anthu nathawa usiku, mabotolo ndi mabuku zitapita ndi matope.

Kunena za njala, anthu ambiri amaleka mankhwala poti m'nyumba mulibe ufa. Ophunzira amaphunzitsidwa kuwauza kuti mbulu wa masiku anowu ungamwedwe ngakhale munthu asanadye, ndipo kuleka ndiko koipa koposa. Amaphunziranso kupima mkono ndi kalamba, ndi kudziwa woyenera kulandira chiponde kapena Likuni Phala. Apa ndiye pamene nchito yao ikomana ndi yanga, ndipo ndikanakonda akanamatiitana kawirikawiri, pakuti kuuza munthu wa ku Zingwangwa kuti adye magulu asanu ndi limodzi a zakudya nkwapafupi, koma kumsonyeza kabzalidwe ka mpiru ndi bonongwe m'thumba lakale la feteleza pakhonde pa nyumba ya lendi ndiko kumamthandiza.

Matenda obisala, ndi ana

Amene amafa ndi Edzi masiku ano kawirikawiri ndi ochedwa kubwera, kapena amene analeka mankhwala nabwerera atafooka. Chifukwa chake wophunzira ayenera kukhala ndi maso akuthwa. Munthu ali yense wolowa amfunsa mafunso anai a chifuwa chachikulu: kutsokomola, kutentha thupi, thukuta la usiku, ndi kuonda. Mukamva akubwereza mafunso omwewo ulendo uli wonse musatope nawo, pakuti chifuwa chachikulu ndicho chimapha anthu a kachirombo koposa nthenda ina iri yonse. Aphunzira kuti mutu wopweteka masiku ambiri osamva panado ungakhale nthenda youmitsa khosi, yofunika kutumiza ku Gulupu tsiku lomwelo. Ayang'ana m'kamwa ngati muli zoyera, pakhungu ngati pali mashingozi kapena zotupa zakuda. Adziwa chifukwa chake Bactrim amaperekedwa pamodzi ndi ma ARV. Ndipo amai amakumbutsidwa kukapimitsa khomo la chiberekero, chifukwa khansa ya pamenepo imagwira kwambiri amai a kachirombo. Kupimako ndi nchito ya anamwino omwewa.

Pa ana ndinena mwachidule, pakuti amai a sikelo mudziwa kuposa ine. Mwana wobadwa kwa mai wa kachirombo amapatsidwa mankhwala oteteza pa milungu 6 yoyamba, napimidwa magazi akakwana milungu 6, kenaka pa chaka chimodzi, ndi pa zaka ziwiri atasiya kuyamwa. Miyezi 6 yoyamba ayamwe bere lokha. Wophunzira ayenera kudziwa kusintha muyeso wa mankhwala pamene mwana alikukula, ndi kuthandiza makolo tsiku lobvuta lija louza mwana chifukwa chake amamwa mankhwala pamene anzake samwa.

Amaphunziranso kudziteteza. Singano ikambaya wophunzira pogwira nchito, ayenera kutsuka pamalopo, kunena msanga, ndi kuyamba mankhwala oteteza asanathe maola 72, nawamwa mwezi wathunthu. Thandizo lomweli liripo kwa munthu wogwiriridwa, ndipo ndikupemphani makolo ndi mafumu a m'malokeshoni kuti mukumbukire maola 72 amenewa. Musayambe ndi milandu, yambani ndi chipatala.

Pamene pali potsimphina

Sindifuna kukunamizani kuti zonse ziyenda monga mwa buku. Ophunzira achuluka, koma anamwino owayang'anira ndi ochepa, ndipo namwino mmodzi amene ali ndi mzere wofika pa geti sapeza nthawi yoima pambali pa mwana wa sukulu kumuongolera dzanja. Nthawi zina wophunzira amasiyidwa yekha kugwira nchito imene sanaikhwimire, ndipo kumeneko si kuphunzira ai. Zinthu zinabvutanso mu 2025 pamene boma la America linaimitsa ndi kudula thandizo lambiri la za umoyo. Ena mwa opima magazi ndi alangizi amene anali kulipidwa ndi mabungwe analeka nchito, katundu wao nagwera anamwino. Mwa kuganiza kwanga, kuonjezera ophunzira popanda kuonjezera owaphunzitsa m'zipatala sikudzatifikitsa patali, ndipo a makomiti a zipatala m'malokeshoni muyenera kumafunsa za ichi pa misonkhano yanu.

Tsono mukalowa m'chipinda nimupezamo wophunzira, yembekezani izi. Akuuzeni dzina lake ndi sukulu yake, napemphe chilolezo chanu. Namwino womyang'anira akhale momwemo kapena pafupi poti angaitanidwe. Kuyambitsa kapena kusintha mankhwala si kwa wophunzira yekha. Ayenera kuonetsa kwa wamkulu wake. Ngati china sichinakukomereni, nenani kwa mkulu wa chipatalacho. Ndipo akakufunsani za masiku amene munaphonya, muuzeni nambala yeniyeni, ndi chifukwa chake, pakuti pa yankho lanu ndi pamene iye alikuphunzirira.

Mlamu wanga uja, tsiku limene lija, analowa kwa mtsikana yemwe anakanidwayo. Anakhalitsa m'katimo kuposa masiku onse, ine nkuyamba kuda nkhawa. Potuluka anandiuza kuti mwanayo anamfunsa za ulendo wa kumudzi, chinthu chimene iye sanaganize kuchitchula, ndipo sisitala atabvomereza anampatsa mankhwala okwanira kufikira atakolola.

Mlungu wa mawa nthawi yomwe ino tidzabwerera ku nchito yathu, ndipo ndidzanena za kasungidwe ka chimanga m'nyumba zazing'ono za m'tauni.